Diso la Kamera ndi Ulendo wa Chithunzi

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

Moni a ku Kitwe, a ku Wusakile, Chamboli, Buchi, Chimwemwe ndi Kwacha. Moni a ku Ndola, a ku Chifubu, Masala, Kabushi, Lubuto ndi Twapia. Moninso inu a ku Luanshya, Mufulira, Chingola ndi konse kumene mawu athu akufika muno mu Kopala, chigawo cha migodi ya mkuwa. Takulandirani ku pulogalamu yathu ya sayansi ndi luso. Kaya mwangoweruka kumene kumgodi, kaya mukulongedza katundu pa msika wa Chisokone, kaya mphika uli pa mbaula, sendezani wailesi pafupi kuti ticheze.

Tiyambe ndi funso. Mpira ukuseweredwa pa bwalo la Levy Mwanawasa ku Ndola. Inu muli ku Kitwe, mwakhala pampando m'nyumba mwanu, koma mukuona wosewera akuthamanga, mukuona thukuta pamphumi pake, mukuona mpira ukugwedeza ukonde. Kodi chimachoka pa bwalo paja n'kudzalowa m'nyumba mwanu n'chiyani?

Yankho lake ndi limene ndikufuna mupite nalo kokagona lero, ndipo ndilibwereza kangapo. Kamera imasandutsa kuwala kukhala magetsi. TV imasandutsa magetsiwo kukhalanso kuwala. Pakati pa ziwirizi pali masamu, ndipo masamuwo amalembedwa ndi anthu.

Ulendo wathu uyenda motere. Choyamba tiona mmene anthu anatulukira zoti kuwala kungabale magetsi, ndi mbali imene Kopala ali nayo pa nkhaniyi. Kenako tikamba za makamera akale a machubu ndi mmene mitundu inabwerera. Tikachoka apo tilowa mu kachipangizo kamene kali mu foni yanu. Tidzamaliza ndi masamu amene amakonza chithunzi chisanafike m'maso mwanu.

(Nyimbo pang'ono)

Achinyamata ambiri sadziwa kuti wailesi ya kanema ya dziko lino la Zambia inabadwira ku Kitwe. Munali mu 1961, ufulu usanabwere. Inali ya kampani, osati ya boma, ndipo ambiri mwa oonera anali azungu ogwira ntchito m'migodi, chifukwa ndiwo anali ndi ndalama zogulira ma TV. Lusaka inadzalandira pambuyo pake. Taganizani, Kitwe inali ikuonera kale kanema pamene ku Johannesburg kunalibe, pakuti South Africa inatsegula yake mu 1976. Abale athu ku Malawi anadikira mpaka 1999. Ufulu utabwera boma linatenga wailesiyi, ndipo mpaka lero wailesi ya boma, ZNBC, ili ndi situdiyo zake ku Kitwe.

Koma ubale wa Kopala ndi kamera ndi wakuya kuposa pamenepa. Mu 1873 injiniya wina wa ku England, Willoughby Smith, ankayesa mawaya a telegalafu odutsa pansi pa nyanja. Poyesapo ankagwiritsa ntchito timitengo ta chinthu china chotchedwa selenium. Iye ndi anzake anadabwa kuona kuti timitengoti tikakhala mu mdima magetsi ankavutika kudutsa, koma kuwala kukatigunda magetsi ankadutsa mosavuta. Kuwala kwambiri, magetsi ambiri. Kuwala kochepa, magetsi ochepa. Mbewu ya kamera iliyonse ya kanema inadzalidwa pamenepo.

Nanga selenium amachokera kuti? Inu amene munagwirako ntchito koyengera mkuwa mukudziwa matope akuda aja otsalira pansi pa matanki mkuwa ukamayengedwa ndi magetsi. M'matope amenewo muli golide, siliva ndi selenium. Selenium wambiri pa dziko lapansi amachokera m'zotsalira za mkuwa, ndipo ku Ndola, m'masiku a kampani ya migodi ya ZCCM, kunali fakitale imene ntchito yake inali kuchotsa zinthu zitatuzi m'matopewo. Ndiye kuti chinthu chimene chinathandiza anthu kuphunzira kusandutsa kuwala kukhala magetsi ndi mnansi wa mkuwa wathu.

Komabe panali vuto lalikulu. Kachidutswa kamodzi ka selenium kangakuuzeni kuti kwawala kapena kwada, basi. Sikangakuuzeni kuti apa pali diso, apa mphuno, apa chipewa. Chithunzi chili ndi malo ambirimbiri, ena owala, ena akuda, pamene waya ndi mmodzi. Mungadutsitse bwanji nkhope yonse mu waya mmodzi?

Mu 1884 wophunzira wina wa ku Berlin, Paul Nipkow, anapeza nzeru yake: musatumize chithunzi chonse nthawi imodzi, chitumizeni pang'onopang'ono koma mothamanga kwambiri moti diso lisazindikire. Iye anaganiza za chimbale chozungulira chokhala ndi timabowo, kabowo kalikonse n'kumadutsa pa gawo lake la chithunzi. Mu 1926 John Logie Baird anaonetsa anthu ku London nkhope yoyenda pogwiritsa ntchito chimbale chotere. Nkhopeyo inali yosaoneka bwino, ya mizere 30 yokha, koma inali nkhope ndithu.

Amene anachotsa chimbale n'kusiyira magetsi okha ntchito yonse anali ena. Mmodzi wa iwo anali Philo Farnsworth, mwana wa mlimi ku Idaho, m'dziko la America. Amasimba kuti ali ndi zaka 14 ankalima m'munda mwa bambo ake, atatembenuka anaona mizere imene wadutsa itandandalika bwinobwino, wina pambuyo pa unzake. Ife alimi tikudziwa: munda suulima wonse kamodzi. Umayamba mzere kumutu kwa munda, kuutsiriza, kubwerera, kuyamba wina, mpaka munda wonse watha. Chithunzi cha TV chimawerengedwa chimodzimodzi: mzere woyamba kuchokera kumanzere kupita kumanja, kenako wachiwiri, wachitatu, mpaka pansi, n'kubwereranso pamwamba. Mu 1927, ku San Francisco, Farnsworth anatumiza chithunzi chake choyamba cha magetsi okhaokha. Chinali kamzere kamodzi kowongoka. Pa nthawi yomweyo Vladimir Zworykin, wobadwira ku Russia koma wogwira ntchito ku America, ankakonza chubu chake chotchedwa iconoscope, ndipo mu 1936 BBC inayamba kuulutsa kanema tsiku ndi tsiku ku London.

(Nyimbo pang'ono)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za diso la kamera. Tanena kuti kamera imasandutsa kuwala kukhala magetsi, ndipo imachita zimenezi mzere ndi mzere. Tsopano tilowe m'kati mwa kamera yakale, yonga imene inkagwira ntchito m'masitudiyo m'zaka za m'ma 1960.

Kutsogolo kuli galasi losonkhanitsa kuwala. Kumbuyo kwa galasilo kuli chubu chagalasi chopanda mpweya m'kati. Kumaso kwa chubucho kuli kambale kopyapyala kopakidwa mankhwala omva kuwala. Chithunzi cha wowerenga nkhani chikagwera pa kambaleko, pamene pagwera kolala yoyera ya malaya pamasonkhana magetsi ambiri, pamene pagwera jekete lakuda pamasonkhana ochepa. Ndiye kuchokera kumbuyo kwa chubu kumabwera kamtsinje kowonda kwambiri ka magetsi, kamene kamayenda pa kambaleko mzere ndi mzere, kumafufuza kuti apa pali ochuluka bwanji, nanga apa. Zimene kapeza zimatuluka pa waya monga magetsi okwera ndi kutsika. Pakutha pa mzere uliwonse kamera imaikapo chizindikiro chouza TV yanu kuti, "Mzere watha, bwerera kumanzere." Pakutha pa chithunzi imaikanso china chouza kuti, "Bwerera pamwamba." Akuluakulu mukukumbukira chithunzi chikamagubuduzika kuchoka pansi kupita pamwamba, wina n'kudzuka kukapotokola kabatani kumbuyo kwa TV? Pamenepo TV inali itataya chizindikiro chachiwiri chija.

Kuno kwathu chithunzi chimodzi chinali ndi mizere 625, ndipo pa sekondi imodzi pankadutsa zithunzi 25. Nambala imeneyi ili ndi chifukwa chake. Magetsi a m'nyumba zathu amapita ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi, choncho akatswiri anagawa chithunzi chilichonse pawiri, kutumiza mizere yodumphadumpha kaye, kenako yotsalayo, kuti kanema aziyendera limodzi ndi magetsi.

Makamera a machubu anali olemera, otentha, ofuna nyali zamphamvu mu situdiyo, ndipo ankafunika kuwayatsa nthawi isanakwane kuti akhazikike. Wojambula akalozetsa kamera kudzuwa, chubu chinkapsa n'kutsala ndi chipsera. Kamera ikatembenuka mofulumira pa nyali za pabwalo usiku, nyali iliyonse inkasiya mchira wowala pa chithunzi. Machubu anapita akukonzedwa: kunabwera image orthicon m'zaka za m'ma 1940, kenako vidicon, kenako Plumbicon ya kampani ya Philips ya ku Netherlands m'zaka za m'ma 1960, imene inathandiza kwambiri kuti makamera a mitundu akhale abwino.

Tiyeni tsopano ku mitundu, chifukwa apa pali zokoma. M'diso la munthu muli timaselo ta mitundu itatu tomva kuwala: tina timamva kwambiri kofiira, tina kobiriwira, tina kwa buluu. Mitundu ina yonse imene timaona, ubongo ndiwo umaipanga posakaniza mauthenga atatuwa. Akatswiri anati, ngati diso limagwira ntchito ndi mitundu itatu, kamera nayonso itero. M'kati mwa kamera anaikamo galasi logawa kuwala patatu, gawo lililonse n'kupita ku chubu chakechake.

Tiyerekeze kuti lero ndi tsiku la Nkana ndi Power Dynamos, Kitwe yonse yagawikana. A Nkana avala zofiira, a Power avala zachikasu. Jezi ya Nkana njosavuta: timadontho tofiira pa TV yanu timayaka, tinato timazima. Nanga yachikasu ija? Mu TV yanu mulibe kadontho kachikasu ngakhale kamodzi. Timayaka ndi timadontho tofiira ndi tobiriwira pamodzi, ndipo popeza tili tating'ono komanso toyandikana, diso lanu limatisakaniza n'kukuuzani kuti ndi chikasu. Mukafuna kutsimikiza, yandikitsani kamera ya foni pafupi kwambiri ndi galasi la TV pamalo oyera, mukulitse chithunzicho. Muona timizere tofiira, tobiriwira ndi ta buluu titandandalika. Aonetseni ana zimenezi, sadzaiwala.

Mitundu itabwera panali nkhawa ina: anthu amene anali kale ndi ma TV osaonetsa mitundu atani, awataye? Akatswiri anapeza njira yachilungamo. Anasiya uthenga wa kuwala ndi mdima mmene unalili kuti TV yakale izionetsabe, ndipo uthenga wa mitundu anaukweza pamwamba pake padera, woti TV yatsopano yokha ndiyo iziuwerenga. Anazindikiranso kuti diso limasamala kwambiri za kuwala ndi mdima kusiyana ndi mitundu, choncho uthenga wa mitundu anaupatsa malo ochepa, ndipo oonera sanadandaule. Sungani mfundo imeneyi, tiipezanso kutsogoloku.

Njira yoyamba ya ku America inali ndi chilema: uthenga ukayenda mtunda wautali mitundu inkasokonekera, nkhope n'kumaoneka yobiriwira. Injiniya wa ku Germany, Walter Bruch wa kampani ya Telefunken, anathetsa vutoli kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960. Anakonza zoti uthenga wa mitundu uzitembenuzidwa pa mzere uliwonse wachiwiri. Motero mzere wina ukalakwira mbali iyi, wotsatira umalakwira mbali inayo, ndipo TV ikaphatikiza iwiriyo cholakwa chimafafanizika. Njirayi imatchedwa PAL, ndipo ndi imene Zambia inasankha itayamba kuulutsa kanema wa mitundu.

(Nyimbo)

Mukumvera pulogalamu yathu ya sayansi ndi luso. Tibwereze mfundo yathu: kamera imasandutsa kuwala kukhala magetsi, TV imasandutsa magetsi kukhala kuwala, pakati pali masamu olembedwa ndi anthu. Taona machubu. Tsopano tione chimene chinawalowa m'malo.

Mu 1969, ku Bell Labs m'dziko la America, akatswiri awiri, Willard Boyle ndi George Smith, ankafunafuna njira yatsopano yosungira zinthu mu kompyuta. Pokambirana anajambula pa bolodi kachipangizo ka silikoni kokhala ndi timabokosi tambirimbiri tondandalikana, kabokosi kalikonse kotha kusunga magetsi pang'ono n'kupatsira kanzake koyandikana nako. Silikoni, paja, amachokera ku mchenga. Posakhalitsa zinaoneka kuti kuwala kukagwera pa timabokosito, timadzaza magetsi molingana ndi kuchuluka kwa kuwalako. Mnzawo wa pantchito, Michael Tompsett, ndiye analimbikira kusandutsa nzeruyi kukhala diso la kamera. Kachipangizoka kamatchedwa sensa ya CCD. Kalibe chubu, sikafuna kutenthetsa, ndipo kamakwana pa chikhadabo. Kamera ikatsegula, kabokosi kalikonse kamatunga kuwala kwake. Ikatseka, timabokosi timapatsirana magetsi aja, mzere ndi mzere, mpaka onse atafika pakhomo limodzi pamene amayezedwa n'kusandutsidwa manambala. Boyle ndi Smith analandira mphoto ya Nobel mu 2009, patatha zaka 40.

Kabokosi kamodzi kameneka ndiko kamatchedwa pikiselo. Wogulitsa foni akakuuzani kuti kamera yake ndi ya mamegapikiselo 12, akutanthauza timabokosi 12 miliyoni pa kachidutswa kochepa kuposa njere ya chimanga. Koma musakopeke ndi nambala yokha. Timabokosi tikachuluka pa malo ochepa, kalikonse kamachepa ndipo kamatunga kuwala kochepa. N'chifukwa chake kamera yaikulu ya pabwalo la mpira, ngakhale itakhala ndi mapikiselo ochepa kuposa foni yanu, imajambula bwino usiku pamene foni ikutulutsa chithunzi chodzaza timadontho.

Pali chinsinsi china. Pikiselo siiona mtundu, imangodziwa kuchuluka kwa kuwala. Makamera akuluakulu a TV amathetsa zimenezi pogawa kuwala patatu monga kale, ndi masensa atatu. Mu foni mulibe malo otero. Bryce Bayer wa kampani ya Kodak anapeza njira imene inalembetsedwa mu 1976: kuphimba pikiselo iliyonse ndi kasefa ka mtundu umodzi. Pa mapikiselo anayi alionse, awiri ndi obiriwira, imodzi yofiira, imodzi ya buluu, chifukwa diso lathu limamva kwambiri kuwala kobiriwira. Tamverani bwino apa. Pikiselo iliyonse imayeza mtundu umodzi wokha. Mitundu iwiri yotsalayo, kakompyuta ka mu kamera kamachita kuyerekeza poyang'ana mapikiselo oyandikana nayo. Ndiye kuti pa chithunzi chanu cha ukwati chija, mbali yaikulu ya mitundu inachita kuwerengedwa ndi masamu.

Mu 1980 Nobukazu Teranishi wa ku Japan, akugwira ntchito ku kampani ya NEC, anakonza kabokosi kaja kuti kazikhuthula magetsi ake onse osatsalira, ndipo michira ya nyali ndi timadontho tosafunika zinachepa kwambiri. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 Eric Fossum, wa ku bungwe la NASA, ankafuna makamera ang'ono, osadya magetsi ambiri, oti akwere pa zombo za mumlengalenga. Iye ndi gulu lake anapatsa pikiselo iliyonse kokulitsira uthenga kakekake, kuti iziwerengedwa pomwe ili popanda kupatsirana kuja. Imeneyi ndiyo sensa ya CMOS, imene lero ili mu foni yanu, mu kamera ya pageti ya sitolo, ndi m'makamera ambiri a TV. Mu 2017 Smith, Tompsett, Teranishi ndi Fossum analandira limodzi mphoto yaikulu ya uinjiniya yotchedwa Queen Elizabeth Prize. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Palibe munthu mmodzi amene anganene kuti kamera ndi yake.

Mkuwa wathu ulimonso muno. Mu 1997 kampani ya IBM inalengeza njira yogwiritsa ntchito mkuwa m'malo mwa aluminiyamu pa timawaya tosaoneka ndi maso ta m'kati mwa tizipangizo ta makompyuta, chifukwa mkuwa umadutsitsa bwino magetsi. Masensa ambiri a masiku ano ndi osanjikiza: pamwamba pali gawo lotunga kuwala, pansi pali gawo lowerengera, ndipo kampani ya Sony, imene imapanga masensa ochuluka kwambiri, imalumikiza magawo awiriwa pogundanitsa timfundo ta mkuwa ndi ta mkuwa tinzake. Malole aja mumawaona atanyamula mkuwa pa msewu wa Kitwe kupita ku Ndola, katundu wawo ndi wa mtundu womwewo umene uli kuseri kwa diso la kamera.

(Nyimbo pang'ono)

Tafika pa gawo lomaliza, la masamu. Zimene zimatuluka mu sensa si chithunzi chokongola chimene mumaona. Ndi manambala osaphika. Kamera iyenera kusankha zinthu zingapo mofulumira. Iyenera kusankha kuti choyera n'chiti, chifukwa kuwala kwa babu, kwa dzuwa la masana ndi kwa madzulo n'kosiyana mtundu. Ichi n'chifukwa chake mumaona wojambula wa TV akuonetsa kamera pepala loyera asanayambe kufunsa mafunso. Iyeneranso kusankha kuti iwalitse chithunzi motani, ndi kuti ichotse timadontho tochuluka bwanji popanda kufafaniza tsitsi ndi makwinya.

Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife eni khungu lakuda. Mwaonapo kanema wa ukwati mmene diresi la mkwatibwi likuoneka bwino, ulusi uliwonse, koma nkhope yake ili bii? Kapena m'busa ataima kutsogolo kwa windo, iye n'kusanduka chithunzithunzi? Kamera imayang'ana kuwala konse kumene kuli patsogolo pake n'kufuna pakatikati. Zoyera zikachuluka imachepetsa kuwala, ndipo nkhope yakuda ndiyo imayamba kutayika. Vutoli lili ndi mbiri yake. Kwa zaka zambiri, otsuka zithunzi ankayezera makina awo pa makadi a kampani ya Kodak okhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, ndipo makadi oonetsa anthu a makungu osiyanasiyana anadzabwera mochedwa. Mu 2021 kampani ya Google inalengeza kuti yakonza masamu a kamera ya mafoni ake mothandizana ndi akatswiri ojambula anthu akuda, kuti khungu lakuda lizituluka mmene lilili. Phunziro lake ndi lomveka: amene wakhala pa tebulo polemba masamu ndiye amasankha nkhope imene ioneke bwino.

Inu ojambula maukwati, zinkhoswe ndi mapemphero, nazi nzeru ziwiri zaulere. Munthu amene mukumujambula ayang'ane kumene kukuchokera kuwala, windo likhale kumbuyo kwa inu ojambula. Ndipo pa foni, gusani pankhope ya munthuyo musanayambe, kuti kamera iyezere kuwala pankhopepo osati pa diresi kapena pakhoma.

Masamu ena ndi ochepetsa katundu. Kanema wosaphika ndi wolemera kwambiri moti sangadutse mu mphepo kapena pa intaneti mmene alili. Mu 1974 Nasir Ahmed, wobadwira ku India koma wophunzitsa ku America, pamodzi ndi anzake awiri anasindikiza njira ya masamu imene inasintha zonse. Chithunzi chimadulidwa m'timabwalo ting'onoting'ono ta ngodya zinayi. Pa kabwalo kalikonse masamu amalekanitsa zikuluzikulu, zimene diso limaona, ndi tizinthu tating'ono timene diso silisamala, ndipo tating'onoto timatayidwa. Mitundu imachepetsedwanso, monga tinanenera paja. Kuwonjezera apo, akatswiri anaona kuti zithunzi zotsatizana zimafanana kwambiri. Pa bwalo la Levy Mwanawasa udzu ndi womwewo, mizere yoyera ndi yomweyo, amene wasuntha ndi wosewera ndi mpira. Ndiye kamera ikatumiza chithunzi chathunthu kamodzi, zotsatira zimangonena kuti, "Zonse zili momwemo, koma kabwalo aka kasunthira kumanja pang'ono." Dekoda yanu ndiyo imamanganso chithunzi chonse kuchokera ku malangizo amenewa.

Masamu amenewa ndiwo anatheketsa kusamuka kwa dziko lathu kuchoka ku kanema wakale kupita ku wa dijito. Mayiko anagwirizana kuti Juni 2015 akhale malire, ndipo kuno ntchitoyi inayambira m'matauni a m'mbali mwa njanji, kuphatikizapo Kopala. Njira ya mumphepo imene kale inkanyamula siteshoni imodzi, lero imanyamula masiteshoni ambiri. Mukumvetsanso tsopano zinthu ziwiri zimene mumaziona kunyumba. Kale siginolo ikafooka chithunzi chinkadzaza timadontho koma munkaonabe. Lero mvula ikagunda mbale ya padenga chithunzi chimasweka m'timabokosi kapena kuima chilili: amenewo ndi timabwalo tija, dekoda yasowa malangizo a tina mwa ito. Ndipo mnansi wanu womvera mpira pa wailesi akakuwa kuti "Chigoli!" inu pa TV mpira usanafike n'komwe kwa goloboyi, musadabwe. Kupanikiza chithunzi, kuchitumiza ndi kuchimasulanso kumadya masekondi angapo.

(Nyimbo pang'ono)

Omvera athu, nthawi yatithera, tiyeni timange mtolo. Kamera imasandutsa kuwala kukhala magetsi. TV imasandutsa magetsi kukhala kuwala. Pakati pali masamu, ndipo masamuwo amalembedwa ndi anthu. Anthu ake tawamva: mwana wa mlimi, wophunzira wa ku Berlin, mphunzitsi wochokera ku India, injiniya wa ku Japan. Onse anayamba ndi kufunsa kuti chinthu ichi chimagwira ntchito bwanji.

Mafunso otere timawamva tsiku lililonse muno mu Kopala. Mnyamata wokonza mafoni pa Chisokone kapena pa Masala, amene amachotsa kamera yakufa n'kuikamo ina, wagwira kale sensa ya CMOS ndi zala zake. Ku Copperbelt University ku Kitwe ndi ku NORTEC ku Ndola ana athu akuphunzira zamagetsi. Mkuwa tili nawo, manja aluso tili nawo. Chofunika n'chakuti ana ambiri, atsikana ndi anyamata omwe, alimbikire masamu ndi sayansi mpaka akafike pamene zinthu izi zimapangidwira, kuti pokonza kamera ya mawa pakhale wina wodziwa mmene nkhope ya amayi ake iyenera kuonekera.

Ndikusiyirani mafunso awiri oti mukambirane pa chakudya chamadzulo. Loyamba: mwana wanu akatsegula wailesi yakufa kapena foni yakale kuti aone zam'kati, mumamukalipira kapena mumakhala naye pansi n'kumufunsa zimene wapeza? Lachiwiri: popeza tadziwa kuti chithunzi chilichonse chimadutsa m'masamu a munthu wina chisanatifike, kodi tiziyamba tafunsa chiyani tisanakhulupirire kanema amene watumizidwa pa foni yathu?

Tilembereni maganizo anu, ndipo ena tidzawawerenga mu pulogalamu yotsatira. Amene mukulowa shifiti ya usiku, mugwire bwino ntchito ndipo mutuluke bwino. Enanu nonse, tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera)